Ndolo ya Goliati

Makolo ake pomutcha Goliati ankayembekezera chimunthu, koma iye anakula n'kulekezera m'phewa mwanga, chonsecho ine si wamtali. Anali msodzi wa matemba pa nyanja ya Chilwa, nyumba yake ili kuseri kwa yanga kuno kwa Jenala. Ndinamuphunzitsa Sitandade 4 asanathawe sukulu. Nditapuma ntchito, anthu anandisandutsa dikishonale ya mudzi wonse. Kalata yakuchipatala, pepala la mankhwala a mbewu, zonse amabwera nazo kwa ine ngati ndilibe munda wolima.

Goliati ankaopa chinthu chimodzi chokha. Bambo ake anamira m'nyanjamo iye ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo thupi silinapezeke. Achibale anadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'nsalu, n'kuliika m'manda, mwanayo akuona. Akalawa kachasu pang'ono ankabwereza mawu amodzimodzi: "Ine musadzandikwirire nthochi. Mudzandifune mpaka mudzandipeze."

Tsiku lina mu 2021 anabwera ndi nsalu yakuda ya pakaunjika, yojambulidwa chigaza ndi mafupa awiri opingasa, m'munsi muli mawu a Chingerezi.

"Aphunzitsi, tandiwerengerani. Akuti chiyani apa?"

Ndinatsegula dikishonale yanga yothothoka chikuto. Ndinamuuza kuti imeneyo ndi mbendera ya achifwamba akale a panyanja zikuluzikulu, otchedwa mapayireti, ndipo oyiona ankadziwa kuti imfa yawapeza. Ndikanalekera pomwepo. Koma mphunzitsi ali ngati mpopi wowonongeka, ukautsegula sutsekeka. Ndinawonjezera zimene ndinamva kukoleji, zoti amati anthu amenewo ankavala ndolo yagolide, kuti akamira, wowatola kugombe atenge ndoloyo n'kuwaika m'manda mwaulemu.

Kenako anafunsa, "Ngakhale osamudziwa?"

"Ngakhale osamudziwa," ndinatero.

Mwezi usanathe anatulukira ataboola khutu lakumanzere, kandolo kachikasu kogula kwa mavenda a ku Limbe kakulendewera. Mudzi unafa nalo phwete. Akulu ampingo anamuitanitsa, mkazi wake Lenia anakana kuyenda naye milungu iwiri, ana nawo anamutcha a Payireti. Iye analibe nazo ntchito. Mbendera ija anaimangirira kunsungwi kumbuyo kwa bwato lake.

Anabweranso kwa ine kudzandionetsa timalemba tating'ono tosindikizidwa mkati mwa ndoloyo. Ndinamufotokozera kuti timeneto timanena kuchuluka kwa golide m'chinthu. Koma ndikulankhula choncho, maso anga anaona kuti pamene ndoloyo inkakhudza khungu panali patayamba kubiriwira. Unali mkuwa wopaka utoto basi.

"Ndiye kuti ndi golide weniweni, aphunzitsi?"

"Ndi yemweyo," ndinanama. Nkhope yake inawala, ndipo ine ndinaganiza kuti ndachita chifundo.

Namondwe wa mu Malichi 2023 anamupeza ali kuzimbowera, timisasa taudzu toyandama timene asodzi amagonamo pakati pa nyanja. Anzake anabwerako mmodzimmodzi, iye ayi. Bwato linapezeka litakodwa m'mabango, mbendera ikadali pansungwi.

Patatha milungu iwiri, a Amosi, amalume ake a Goliati, anadula nthochi. Lenia analikhalira thunthulo pabwalo, osalira, osasuntha.

"Anakana ali moyo," anatero. "Mukafuna kukwirira, kwirirani ndi ine ndemwe."

Ine ndinali pomwepo. Ndinkangoona m'maganizo munthu wachilendo akuwerama pa Goliati, akukanda ndolo ndi chikhadabo, akupeza mkuwa, n'kumusiyira mbalame. Ndine amene ndinamutumiza panyanja ndi chiyembekezo chabodza, ndipo ndinkachita mantha ngakhale kudutsa pakhomo pake.

Mlungu wachitatu, dzuwa lili paliwombo, kunafika bambo wina panjinga, matope mpaka m'mawondo. Anali wa kutsidya la nyanja, chakumalire a Mozambiki, Chichewa chake chodzaza Chilomwe. Anati wayenda doko ndi doko kufunsa za munthu wamfupi wovala ndolo, ndipo paliponse anthu ankayamba kuseka, kenako n'kusiya, n'kumulozera njira. Anagwada pamaso pa Lenia n'kumasula mfundo ya kansalu. Ndolo ija inali itabiriwira yonse.

"Mayi, pepani. Tinawapeza m'mabango kwathu. Nkhope sinali yoti n'kuizindikira. Tinawakulunga bwinobwino, n'kuwaika pafupi ndi bambo anga. Ndabwera kuti mudziwe pamene agona."

Lenia anamukankhira ndoloyo. "Tengani, bambo. Ankavalira inuyo."

"Ayi, mayi. Kwathu sitikwirira munthu chifukwa cha zimene wavala."

Pamenepo m'pamene Lenia analira, ndipo mudzi wonse unalira naye. Thunthu lija a Amosi analikokera kukhola la nkhumba. Loweruka lake achibale anapita kukaona manda, ndipo anawapeza ali osesedwa.

Atabwerako, Lenia anandipeza ndikupalira kuseri kwa nyumba, ndolo ili m'dzanja.

"Aphunzitsi, golide amabiriwira?"

"Sabiriwira," ndinayankha nditayang'ana khasu. "Ndinamunamiza, mwana wanga."

"Ankadziwa," anatero Lenia. "Ankaikwecha ndi phulusa m'mawa uliwonse asanadutse pakhomo panu. Ankati aphunzitsi angachite manyazi."

Dikishonale ija ndinaiponya pansi pa bedi. Koma masana ena, kukakhala zii, ndimamva mapazi a munthu wamfupi akuima pakhonde, ndipo ndimadikira kuti anene kuti ndimuwerengere.