Mbuya Wanga Eddie Njobvu

Ine ndine Mbemba wa ku Kasama, ndipo ndinabwela ku Nyimba mu 1994 kudzaphunzitsa kusukulu ya pulayimale. Munthu woyamba kundinyoza m'tauni muno anali Eddie Njobvu. Nditangotsika basi, anatuluka m'bala mwake n'kundifunsa kumene ndachokela. Nditamuuza, anafuulila amai ogulitsa nthochi m'mbali mwa mseu kuti tsopano azigona tulo, chifukwa kwabwela munthu wodzamaliza anyani onse akuba m'minda mwao. Nanenso sindinachedwe, ndinamufunsa ngati mbewa zimene anadya m'mawa zatsika bwino. Anaseka mpaka kutsokomola, kenako anasenza sutikesi yanga kukaitula kusukulu.

Ndicho chimbuya chimenecho. Ife Abemba ndi anthu akum'mawa kuno timanyozana popanda wokwiya: iwo amati ife timadya anyani, ife timati iwo amadya mbewa. Koma malilo akagwa kwa mbuya wako, iwe ndiwe wophika, wotunga madzi, wopaka ofedwa ufa kumaso ndi kuwaseketsa kuti chisoni chisawaphe.

Bala ya Eddie inali chipinda chimodzi cha malata adzimbili, ndi mabenchi pansi pa mtengo wa mango. Loweluka masana wailesi inkabangula mpila, alimi a ku Luembe atakhala pamenepo ndi njinga zao atagulitsa nshawa. Eddie anali ndi lamulo lake. Asanakupatse botolo ankayamba wafunsa chimene amai akunyumba akutuma, ndipo ngati sunagule mchele kapena sopo, ankakubweza kumsika. Amuna ankadandaula, koma mawa lake ankabwelanso.

Anthu ena opemphela kwambili ankamuyang'ana cham'mbali, ati wogulitsa mowa. Zimenezo zinkandinyansa ine. Nanga mwana akakomoka ndi malungo ankathamangila kwa yani? Kagalimoto kake kakale, koyamba kukankha kasanalile, kanatenga amai apakati osawelengeka kupita nao kuchipatala, nthawi zina mpaka ku Petauke. Mvula ikagumula kamlatho ka kumsika, woyamba kufika ndi fosholo anali iye. Pakagwa malilo ankatseka bala, wamwalilayo kaya anali wakumwa kaya ai.

Anamwalila chaka chatha mu Okutobala, dzuwa lija loswa mutu. Anagwa pabwalo la bala akusesa, basi, osadwala ngakhale tsiku limodzi.

Mkazi wake, amai Lillian, anakhala masiku awili osaika kanthu m'kamwa, chonsecho ali ndi matenda a shuga. Abale ao ochokela ku Nyampande anawanyengelela, anakana. Amai akutchalitchi anaimba, anapemphela, koma iwo anangoyang'ana khoma. Mwana wao wamkazi Vivian ankaopa kuti tiika anthu awili sabata imodzi.

Ine nthawi yonseyi ndinali kuseli kwa nyumba, kudula kabichi. Kunena zoona ndinkabisala. Zaka makumi atatu ndinanyozana ndi munthu ameneyu tsiku lililonse, koma tsopano nthabwala zinali zitandithela. Vivian anandipeza komweko n'kundikumbutsa kuti mbuya wa atate ake ndine, nchito yowaseketsa amai ake kuti adye palibe wina angaigwile. Ndinafuna kumukalipila, koma mwanayo ananena zoona.

Ndinatapa ufa m'manja, kapu ya phala kudzanja linalo, n'kulowa m'nyumba. Azimai anali atadzaza pamphasa. Ndinagwada pamaso pa amai Lillian, n'kuwapaka ufa pamphumi ndi m'masaya mpaka anayela mbuu.

"Amai, mukulila chiyani?" ndinatelo. "Mwamuna wake uti? Wadazi uja, wa galimoto yokankha? Lelo mbewa zonse za ku Luembe zikuvina, mdani wazo wapita. Inu mukafanso ndi njala, zidzachita phwando kawili."

M'nyumba palibe amene anaseka. Ndinaona kuti ndalephela. Koma ndinapitiliza, ndinawauza kuti kumwamba akamubweza pakhomo kuti akayambe wagula sopo. Apo mai wina kumbuyo anaphulika kuseka. Mapewa a amai Lillian anagwedezeka, sindikudziwa ngati kunali kuseka kapena kulila, mwina zonse ziwili. Anatambasula dzanja n'kulandila kapu ija.

Anamwa kawili, katatu, kenako anandiyang'ana. Misozi yanga inali itafika kale pachibwano.

"Zikomo, mbuya," anatelo motsitsa mau. "Nanga inu, tsiku lanu likadzafika, adzakunyozani ndani?"

Ndinangowagwilila kapu mpaka anamaliza phala lonse.