Tsiku Limene Ndinakweza Alamu Padenga

Alamu anga atagula TV yoti ikope anthu pamalo awo okazingira tchipisi ku Chinsapo, ndinawauza kuti zopachika andisiyire ine. Chibadwire ndinali ndisanakhomepo ngakhale kalilole.

M'mawa wa tsiku la mpira ndinakwera pamgolo n'kuimanga pachitsulo chopingasa cha shedi yapanja. Mabawuti ndinawalimbitsa moti sakanamasukanso. Anthu anaomba m'manja, ine n'kutsika monyang'wa.

Masana mabenchi anadzaza, ena anakwera pampanda, phokoso lili pwirikiti. Mpira utangoyamba, dzuwa linapendeka n'kulasa galasi lonse. TV ija ndinali nditailozetsa kumadzulo. Tinkangoona nkhope zathu.

"Chavuta n'chiyani, alamu?" anandifunsa alamu anga aja.

"Ndi eriyo imeneyo," ndinayankha osaphethira.

Alamuwo, bambo wamkulu, anakwera padenga kukazunguza nsungwi ya eriyo, ine pansi ndikulamula: "Kumanja pang'ono. Bwererani." Chigoli choyamba tinachimvera pawailesi ya aneba.

Dzuwa litabisala kuseri kwa mtengo wamango, osewera anaoneka bwinobwino.

"Pomwepo alamu, musasunthe!" ndinakuwa.

Anaima padengapo atagwira nsungwi mpaka mpira unatha. Mpaka lero amauza anthu kuti za maeriyo ndimazidziwa.