Chitini cha shuga cha amama

Ndinataya mkazi. Ndinataya wondimeta tsitsi la m'khosi, wogona mbali ya kukhoma, ndi chifukwa chogulira masiwiti pamsika wa pa Boma. Amama ali moyo, koma nawonso ndimawawerengera pomwepo.

Mkazi wanga anadwala shuga kuyambira ali kusekondale. Ankadzibaya insulini m'mawa ndi madzulo. Ine ndimaphunzitsa sayansi, ndiye nkhaniyi ndimaidziwa ngati njira ya kwathu. Chiwindi ndi nkhokwe ya thupi. Munthu akadya, insulini amachiuza kuti chitute shuga m'magazi n'kusunga. Njala ikafika, homoni ina, glukagoni, imachiuza kuti chitsegule, shuga abwerere m'magazi, ubongo usazime. Koma nkhokweyo ndi yaing'ono. Kusala kudya kumaipulula, ndipo insulini wa jakisoni safunsa ngati munthu wadya. Amangotseka chitseko.

Nthawi yokolola ndinamuperekeza kumudzi kwathu, kufupi ndi Embangweni, kuti akathandize amama. Ndinawauza kuti mkazi wangayo akadzayamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta, adzamupatse shuga msangamsanga. Amama anaseka. Anati wodwala shuga ukamupatsa shuga mbwenu wamupha, ndipo mwana amene anabereka okha sangawaphunzitse kusunga mkamwana wawo.

Tinali tisanakhale ndi mwana, pomwe ng'ombe za malowolo zinali zitapita kalekale. Nditabwerera ku Boma, amama anaitana anzawo a mapemphero. Anagwirizana kuti mkazi wanga asale kudya kuti mimba yake itseguke. Masiwiti a m'chikwama chake anawalanda n'kugawira ana a pamudzi. Jakisoni sanamuletse, poti mankhwala si chakudya.

Zotsalazi anandiuza ndi mlongo wanga. Mawa lake masana, mkazi wanga akutong'ola chimanga pakhonde, thukuta linayamba kumutsika. Kenako anatukwana amama, munthu amene sankawayang'ana n'kumaso komwe. Ubongo ukasowa shuga munthu amatero. Azimayi aja anakondwa, anati chiwanda chayamba kutuluka, n'kukweza nyimbo. Iye anakwawa mpaka pakabati pomwe pankakhala chitini cha shuga. Amama anamupitirira, anachinyamula, anakachitsekera kuchipinda.

"Chikupempha ndi chiwandacho," anatero. "Musachipatse."

Atagona chete, azimayi aja anati wamasulidwa, akupuma, ndipo anamufunditsa chitenje. Pamene ankamanga ng'ombe pangolo kuti apite naye kuchipatala, dzuwa linali litapendeka. Ngoloyo inabwerera panjira.

Pamaliro anthu anamwa tiyi wotsekemera chomene. Chitinicho ndinachizindikira. Amama anandithirira okha, supuni yodzaza, akundiuza kuti ndidakali mnyamata, ndipo kutsidya kwa dambo kuli mtsikana wathanzi, wa kubanja lobereka. Tiyiyo ndinamwa. Anthu ankandiyang'ana.

Za chiwindi ndimaphunzitsabe. Ndimajambula nkhokwe pabolodi, ana amaseka, mayeso amakhoza.

M'mawa wa tsiku limene mkazi wanga anamwalira ndinamuimbira foni ana atatuluka kukapuma. Za kusalako sananene. Mawu ake ankamveka patali, ine n'kumati ndi netiweki ya kumudzi. Ndinamuuza kuti ndibwera Loweruka, kenako ndinamufunsa ngati wadya.

"Amama akundisamala," anatero. "Ndidzadya mukabwera."