Mayi wa Sitolo ya Nsalu ku Ndola

Filimuyo tinaonera kwa akulu anga ku Nkana West, mumzinda wa Kitwe, Lamulungu lina titaweruka ku tchalitchi. Mvula inkawaza pamasamba a mapeyala. Atate, amene anapuma ntchito ya mumgodi kalekale, ankasinza pampando wofewa.

Inali nkhani ya banja la Ayuda mumzinda wina wa ku Ulaya pa nthawi ya nkhondo. Anansi analeka kuwapatsa moni, wophika buledi anawakaniza kulowa, ana a pamsewu nayamba kugenda mazenera. Mayi wa m'banjamo ankasesa magalasi osweka m'mawa uliwonse.

"Mayi uyu ndimam'dziwa," anatero atate. Tonse tinkayesa agona.

"Ndi filimu chabe, atate," akulu anga anaseka.

"Ndikudziwa. Koma taona kasesedwe kake."

Anatiuza kuti atangofika ku Ndola kuchokera ku Katete, ankakonda kuusa mvula pakhonde la sitolo ina ya nsalu. Mwini wake anali mayi wachiyuda, woonda, wosalankhulalankhula. Tsiku lina anawamva akuimba nyimbo ya tchalitchi m'Chinyanja pakati pa anthu olankhula Chibemba, nawafunsa kumene anachokera.

"Ndinati kum'mawa, mama, basi imafika. Iye anati, kwathunso msewu ulipo, nyumba ilipo, koma wonditsegulira chitseko kulibe. Kenaka anandipatsa tiyi m'tambula yagalasi. Ndinapsa zala."

Ali chilankhulire, magetsi anazima. Mapeto a filimuyo sitinawaone, ndipo sindinawafunefune. Tinangokhala m'kachisisira ka mvula, fungo la dothi lonyowa likulowa pazenera. Ndinaona ngati mayi uja akusesabe penapake m'nyumbamo.

Loweruka lotsatira atate anafika kwanga ku Kamitondo, ku Kitwe komweko, atavala jekete la ku tchalitchi.

"Undiperekeze ku Ndola, mwanawe."

Tinakwera minibasi. Tinazungulira m'tauni nthawi yaitali, iwo akuyang'ana madenga, chifukwa zapansi zonse zinasintha. Pomaliza anaima pakhonde lina la zipilala zakale. Mkati munali mafoni okhaokha.

"Mwaiseni mukwai," anatilandira m'Chibemba mtsikana wogulitsa.

Atate anavula chipewa, nayang'ana pakona pamene kale pankakhala mipukutu ya nsalu. Mtsikanayo anangowakokera mpando.

"Dzina lake sindinalifunse," anandinong'oneza. "Koma ankakonda nsalu zobiriwira."

Pobwerera anagona paphewa panga mpaka ku Kitwe, chipewa chili pamaondo.