Dziwe la Nyamhone

Ndinabwera ku Kande kuchokera kwathu ku Dedza kudzaphunzitsa, ndipo munthu woyamba kundinyoza anali Chrissy Nyamhone. Ndinali nditangogona masiku atatu m'nyumba ya sukulu pomwe ndinadutsa pa dziwe lake nditatseka mphuno. Iye anali m'madzi olekeza m'mawondo, akuvuula chinangwa. Anandiitana kuti asambizi, momwe a kuno amatchulira mphunzitsi.

"Asambizi, mphunoyo mwabwera nayo kudzatiyesa mayeso? Mawa mudzadya chomwechi chikukununkhiranichi."

Ndinadyadi. Zaka makumi awiri ndi zitatu tsopano ndikudya kondowole, nsima ya chinangwa, ya ufa wake, ndipo palibe nkhani imodzi yomwe ine ndi mayiyu tinagwirizanapo.

Chinangwa cha kuno n'chowawa, sungangokumba n'kudya. Amachisenda, n'kuchiviika m'madzi masiku atatu kapena anayi mpaka chifewe ndi kutaya ululu wake, kenako kuyanika ndi kusinja. Dziwe la Nyamhone linali m'mbali mwa kamtsinje, pansi pa mikuyu iwiri. Analikumba ndi amayi ake. Mabanja khumi ankaviika momwemo, aliyense mbali yake, ndipo wolowerera mbali ya mnzake ankamva mawu oti sangawabwereze pamaso pa abusa.

Mwana wobereka yekha analibe. Analera Duncan, mwana wa mng'ono wake amene anamwalira mwanayo akuyamwa. Duncan ndinamuphunzitsa ine Sitandade 7, ndipo mutu unalipo, sindinganame. Tsiku lililonse Nyamhone ankamubweretsera chakudya kusukulu m'mbale ziwiri zovundikirana, zomanga pa kansalu, n'kuimirira pompo akumukalipira mpaka amalize.

Duncan anapita ku yunivesite, naphunzira za mitengo ndi maluwa. Kenako kunabwera kalata yoti apite ku South Africa akachite digiri yachiwiri. Nyamhone anandipeza ndikuchonga makope.

"Akuti akukaphunzira chiyaninso?"

Ndinayesa kumufotokozera kuti ndi maphunziro okonza malo: munthu amajambula papepala kuti mtengo ubzalidwe apa, njira idutse apo, madzi ayende chakuti.

"Basi nenani kuti ugadenibhoyi," anatero. "Agogo ake anakagwira yomweyo ku Joni zaka khumi, opanda ndi satifiketi yomwe."

Pakamwa pankanyoza choncho, koma madzulo ake ndinamumva akuuza amayi kudziwe kuti mwana wake akukwera ndege.

Chaka chachiwiri Duncan anabwera kudzachita kafukufuku. Anali ndi tepi yoyezera, kandege kojambula ndi kope lalikulu. Milungu isanu anakhalira kudziwe, kuyeza kuya kwake, kufunsa amayi kuti bwanji madzi saphwa m'chilimwe, bwanji mikuyu sadula. Nyamhone ankayankha monyinyirika, koma atavala chitenje chatsopano. Buku lomwe Duncan analemba kusukulu kwawoko linali la dziwe lomweli, ndipo akuti aphunzitsi ake analiyamikira kwambiri.

Chikomekome cha mkuyu. Mwini loji ina ya kunyanja anali atabwereka malo kwa Yotamu, mchimwene wa Nyamhone, kuti akulitse bwalo la alendo, ndipo malowo ankafika mpaka kudziwe. Ataona zojambula za Duncan, anamulemba ntchito. Nyamhone atamva kuti dziwe alizunguliza mpanda anakana kwamtuwagalu, mpaka kutsekereza okumba maenje.

Duncan anabwera kwa ine ndi chipepala chachikulu, nachiyala patebulo. Pakati pake panali kabwalo kabuluu.

"Aphunzitsi, onani nokha. Dziwe la Ama sitikulikhudza. Njira zonse, mitengo yonse, zikulozera pomwepa. Amayi oviika chinangwa tiwaikira geti yawoyawo. Ama kawauzeni ndinu, ine sakundimva."

Apa ndi pomwe ndimadzida. Ndinavala jekete, n'kupita kudziwe kukauza mayi wozindikira kuposa ine kuti mwana waphunzira, amumvere. Iye anangondifunsa:

"Mwaliwerenga pepalalo, asambizi? Chinangwa mwachionamo?"

Ndinati pepala silingajambule zonse. Anangoti yewo, zikomo wa kuno, n'kubwerera m'madzi. Mawa lake sanatsekerezenso anthu okumba maenje a mpanda.

Ntchito inatenga miyezi isanu ndi iwiri, ndipo kunena zoona malowo anakongola. Geti ya amayi inaikidwadi. M'dziwe anabzalamo maluwa oyandama ndi kuponyamo tinsomba tofiira togula ku Lilongwe. Amayi anabwera Lolemba ndi madengu awo n'kuviika monga mwa nthawi zonse. Pofika Lachinayi tinsomba tonse tinali titayandama chagada, ndipo alendo awiri anasamuka chifukwa cha fungo. Mwana aliyense wa pa Kande amadziwa kuti m'madzi a chinangwa simukhala nsomba. Munthu wa madigiri awiri, wokula ndi ufa wa m'dziwe lomwelo, anaiwala.

Geti anaikhoma loko. Ine ndinkayembekeza kuti Duncan achita manyazi, akamenyera nkhondo mayi ake. Ayi ndithu, iye anapeza nzeru ina. Anatuma anthu kunyanja kukatola miyala yoyera, yotalika ngati chinangwa chosenda, n'kuiyala pansi pa dziwe. Pambali anakhoma chikwangwani cha Chingerezi chofotokoza kuti pano ndi pomwe amayi a kuno amaviika chinangwa. Anatumizanso uthenga kwa Nyamhone kuti ngati angafune, Loweruka lililonse aziima pamenepo ndi dengu kuti alendo azimujambula. Nditamva ndinapsa mtima mpaka ndinalephera kudya.

Tsiku lotsegulira malowo anandiitana, ndipo ndinapita, chitsiru ine. Duncan anali pansi pa mikuyu atavala malaya oyera, akulozera alendo uku ndi uku. Kenako ndinaona Nyamhone akulowa pa geti yaikulu, mlonda akumutsatira mwamantha. M'manja anali ndi mbale ziwiri zovundikirana, zomanga pa kansalu.

Nkhope ya Duncan inawala. Anauza alendo kuti awa ndi mayi amene anamulera, eni ake a dziwe. Nyamhone anagwada, chinthu chomwe sindinamuonepo akuchitira munthu aliyense, n'kumupatsa mbale zija ndi manja awiri. Duncan anamasula kansalu, navundukula.

Munali miyala itatu yoyera, ikudonthabe madzi. Momwe analowera kukaitola, geti ili yokhoma, sindikudziwa mpaka lero.

"Idya, mwanangu," anatero Nyamhone m'Chichewa, osati m'chinenero chakwawo, mokweza, kuti ndi ine ndemwe ndimve. "Ndakuvuulira m'dziwe lako. Ufa wa chaka chino ndi umenewu."

Anaimirira pompo monga ankachitira kusukulu, kudikira kuti amalize. Alendo anayesa ndi mwambo, ena anaomba m'manja, wina anajambula. Mbale inali ikadali m'manja mwa Duncan. Sindinamumvere chisoni ngakhale pang'ono.

Masiku ano Nyamhone ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu ziwiri. Amasenza chinangwa ulendo wa ola lathunthu kupita ku kamtsinje ka kumtunda, komwe eni ake anamupatsa kambali kakang'ono, iye amene ankagawira anzake. Njira yake imadutsa pakhomo panga. Dzana ndinatuluka kuti ndimulandire dengu, koma sanaime.

"Musavutike, asambizi," anatero osatembenuka. "Pitani kudziwe mukatsegule mphuno ija. Sikukununkhanso."