A Palibe Achepetsa Mimba

Kunsi kwa nyumba ya maofesi, kuseri kwa masitepe, kuli kachipinda kopanda zenera komwe amasungirako mapepala, mabolopeni, maenvulopu ndi inki ya chidindo. Woyang'anira kachipindako ndi bambo wina amene aliyense amawatchula kuti a Palibe. Dzina lawo lenileni lilipo, koma limadziwika ku ofesi ya malipiro kokha. Ukapita kukapempha pepala, amayankha asanadzutse n'komwe mutu: "Palibe." Ukaima pang'ono n'kuwafunsa za kunyumba, pepala lija limapezeka.

Sikuti ndi ouma mtima ayi. Amangoyendera malamulo awo. Lina ndi lakuti bolopeni yatsopano imatuluka pokhapokha wabweza yakale yotha inki, ndipo amayamba aiyesa pachikhatho. Lina ndi lakuti katundu akachepa, aliyense alandire theka. Chaka china likulu linaiwala kutumiza mapepala. A Palibe anadula gawo la aliyense pakati, ndipo ntchito sinaime. Makalata amene sanalembedwe palibe amene anawafunsa mpaka lero. Kuchokera pamenepo iwo anakhulupirira kuti chilichonse pansi pano chikhoza kuyenda ndi theka.

Loweruka masana munthuyu amasanduka wina. Amavala kabudula wakuda, kukoleka wezulo m'khosi, n'kukayimbira mpira wa matimu ang'onoang'ono a m'tauni: amakanika, aphunzitsi, ogulitsa pamsika. Mkati mwa sabata amangolamulira mabolopeni, koma pabwalo akangoti pyee, amuna a ndevu zawo amaima chilili. Wezulo ameneyo amamutsuka ndi madzi ofunda ndipo amagona m'kabokosi kakekake.

Mimba inabwera ngati mlendo waulemu, osagogoda, osafulumira. Inabwera ndi tiyi wa shuga wambiri, chipisi cha pageti, ndi mpando wa m'kachipinda muja. Lamba anasamuka bowo ndi bowo mpaka kufika kumalire. Pabwalo a Palibe anayamba kuyimbira ali pakatikati, mpira uli kutali, ndipo ochemerera ankakuwa kuti, "Refu, kwerani basi mukaone penate!"

Kenaka komiti ya oyimbira mpira, imene kawirikawiri imakumana kuti igwirizane tsiku la msonkhano wotsatira, inachita zachilendo: inamanga mfundo. Mpikisano watsopano usanayambe, woyimbira aliyense adzathamange kuzungulira bwalo m'nthawi yoikika. Wolephera adzabweze wezulo. Amene analengeza izi anali wapampando, munthu amene akamamanga zingwe za nsapato amayamba wapuma kaye pakati.

Woyamba kuwapepesa anali mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, telala wowonda ngati singano yake yomwe. Iyeyu ndi amene amanyamula mbendera m'mbali mwa bwalo a Palibe akamayimbira.

"Alamu," anatero, "wezuloyo musamamulume kwambiri. Ndikufuna ndidzamulandire ali bwino."

"Udzamulandira pamaliro anga."

"Ndiye ndikunena zomwezo, alamu. Mukathamanga ndi mimba imeneyi, si kutali."

A Palibe anaseka nawo, koma mtima unali utalasidwa. Pobwerera kunyumba anaganiza mozama, ndipo anaganiza monga munthu wa mu ofesi. Thupi ndi dipatimenti ngati ina iliyonse: likuwononga katundu wambiri, ntchito yake yochepa. Mankhwala ake ankawadziwa. Chakudya chidulidwe pakati. Ndipo poti m'maofesi akachepetsa zipangizo amawonjezeranso ntchito, kuthamanga kukhale m'mawa ndi madzulo, tsiku lililonse, ngakhale Lamulungu.

Akazi awo, amene amaphunzitsa ana aang'ono ndipo amadziwa nkhope ya munthu wokana kudya, anangoyang'ana.

"Abambo, dzira ili?"

"Mupatse mwana."

"Mwana wake uti? Ana anakula, ali kwawo."

"Ndiye libwerere m'sitolo."

M'mawa unali tiyi wopanda shuga. Masana, nkhaka ndi madzi. Madzulo ankadula mpunga pakati ndi supuni, molunjika ngati akudula pepala, theka n'kubweza mumphika.

Poyamba sikelo ya m'bafa inagwirizana nawo, ndipo ankatsikapo akumwetulira ngati munthu amene kalata yake yayankhidwa. Koma posakhalitsa miyendo inayamba kulemera ngati matumba a simenti. Ankamva kuzizira dzuwa likuswa mtengo. Usiku tulo tinkawathawa, masana n'kumawapeza. Ogwira nawo ntchito anadandaula kuti "palibe" wa masiku ano ndi weniweni, ngakhale ufunse za kunyumba kangati. Pamsonkhano wokambirana za kulimbikira ntchito, a Palibe anagona tulo tofa nato atakhala tsonga. Bwana anawayamikira pagulu kuti ndi okhawo amene amamvetsera mpaka kutsinzina.

Chodabwitsa n'chakuti kuthamanga kuja kunkacheperachepera liwiro, ndipo sikelo nayo inaima, osasunthanso. A Palibe anaunika nkhaniyi monga ofesi iliyonse imachitira ndondomeko ikalephera: anapeza kuti ndondomeko ndi yabwino, kungoti sinakhwime mokwanira. Anadulanso theka lija pakati.

Zinaululika Loweruka lina, pamasewero opimana mphamvu a amakanika ndi aphunzitsi. Chigawo chachiwiri chili mkati, makanika wina anaugwira mpira ndi dzanja poyera, ngati akulandira sipanala. A Palibe anaona bwinobwino, pakuti tsiku limenelo anali pafupi. Anaika wezulo pakamwa n'kuuzira. Chimene chinatuluka ndi kulira kwa mwanapiye. Bwalo linapendekeka, zigoli zinakhala zinayi, ndipo iwo anangokhala pansi mwaulemu pa udzu. Amakanika anagoletsa. Aphunzitsi anayamba kufotokoza malamulo onse nthawi imodzi.

Telala anataya mbendera n'kuthamangira pomwepo.

"Alamu! Alamu! Mwafa? Ngati mwafa nenani, nditenge wezulo."

Koma uku akunena, anali akuwamasula kolala mwachangu. Mayi wina wogulitsa zipatso anabweretsa nthochi, ndipo a Palibe anadya ziwiri osadula pakati.

Mawa lake anapita kuchipatala, ndipo namwino sanazungulire. Anati mafuta a m'thupi anabwera pang'onopang'ono, adzachokanso pang'onopang'ono. Shuga ndi zokazinga achepetse ndithu, koma chakudya chenicheni angochotsako pang'ono, osati theka la theka. Mazira, nyemba, nsomba ndi masamba zisasowe, apo ayi thupi limayamba kudya minofu yake yomwe, ndipo ndi minofuyo imene imathamanga. Athamange masiku ena, ena angoyenda, ena apume, ndipo azigona mokwanira.

"Zamveka," anatero a Palibe. Ku ofesi mawu amenewa amatanthauza kuti nkhaniyo yaikidwa mu kabati.

M'mawa mwake anadzuka mwakachetechete, kuvala kabudula, n'kupisa dzanja kunsi kwa bedi. Nsapato zothamangira kunalibe. Anayang'ana kuseri kwa chitseko, m'bafa, pakhonde. Anawapeza akazi awo kukhitchini akukazinga dzira, kiyi wa kabati atamumangirira pa lamba wa diresi.

"Mayi, nsapato zanga mwaziona?"

Akaziwo sanadzutse n'komwe mutu. "Palibe."

A Palibe anaima kanthawi. Mawuwo ankawadziwa, koma anali asanawamvepo kuchokera mbali ino ya tebulo.

"Mwadzuka bwanji, mayi?" anayesa. "Kusukulu ana ali bwanji?"

"Ali bwino, zikomo pofunsa. Nsapato zilipo, koma zimatuluka pokhapokha mwabweza mbale yopanda kanthu. Ndipo ndiyamba ndaiyesa."

Anawaikira patsogolo dzira, buledi ndi nthochi.

"Mukufuna ndilephere mayeso? Mchimwene wanu anditengere wezulo?"

"Dzana munamupereka nokha, muli pansi pa udzu. Mapepala anu aja mukawadula pakati sakomoka, abambo. Inu mumakomoka. Idyani."

Munthu sangatsutse lamulo limene anapanga yekha. A Palibe anadya. Akaziwo anaitembenuza mbale, kuiyang'ana kunsi ngati mwina dzira labisala, kenaka anatsekula kabati n'kutulutsa nsapato zija. Tsiku lotsatira, mbale itabwezedwa, kabati sinatsekulidwe.

"Nanga lero?"

"Lero sitolo ndi yotseka. Tikuwerengera katundu. Bwerani mawa."

Umu ndi mmene zinayendera. Tsiku lothamanga, nsapato zinkatuluka. Tsiku lopuma, a Palibe ankapita kuntchito wapansi ndi nsapato zawo za mu ofesi, osakwera basi. Chipisi cha pageti ankachipatsa moni chapatali. Tiyi anazolowera kumwa wa shuga wa kunsonga kwa supuni. Mphamvu zitabwerera anayamba kukwera masitepe kukapereka okha mapepala m'maofesi a pamwamba, zimene zinaopsa anthu ambiri. Mlembi wa bwana anafunsa ngati kukubwera ofufuza.

Sikelo inayambanso kutsika, koma mwaulesi, ngati fayilo yochoka tebulo lina kupita lina. Sabata zina sinkasuntha n'komwe. A Palibe ankafuna kudulanso, koma ankakumbukira kulira kwa mwanapiye kuja, n'kutenga supuni. Lamba anabwerera m'mbuyo bowo limodzi, patapita nthawi linanso.

Tsiku la mayeso wapampando anabwera ndi galimoto mpaka m'mphepete mwa bwalo. Sanatsike. Anangotsitsa galasi, wotchi ili m'manja, botolo la chakumwa chozizira lili pamimba. Oyimbira anandandalika, achinyamata akudumphadumpha ngati ana a mbuzi. A Palibe anali atadya bwino m'mawa ndipo dzulo lake sitolo inali yotseka. Anayamba pang'onopang'ono, osapikisana ndi munthu. Ena amene anayamba ndi ukali anawapeza kutsogolo atagwira m'chiuno.

Chakumapeto mpweya unayamba kuchepa ndipo miyendo inayamba kupempha tchuthi. Apo telala, amene anali atamaliza kale, anabwerera n'kuyamba kuthamanga pambali pawo.

"Imani, alamu, mwayesetsa! Wezulo ndimusamala. Ndizidzakubwerekani pa tsiku lanu lobadwa."

"Choka apa, singano iwe!"

"Mlongo wanga ndimupezera mwamuna wina wothamanga!"

A Palibe anamuthamangitsa mlamu wawoyo mpaka kudutsa mzere. Mwa onse amene anakhoza, iwo ndiwo anali omaliza. Wapampando anayang'ana wotchi, kuyang'ana a Palibe, n'kunena kuti zotsatira zidzalengezedwa komiti ikadzakumana. Kenaka anatsitsa mawu: "Koma wezuloyo musabweze, akulu. Komanso mudzandiuze zimene mukudya."

"Funsani kusitolo," anatero a Palibe, ali wefuwefu.

Mimba sinathe yonse. Yatsala yapakatikati, yoyenera munthu wa msinkhu wawo, ndipo ikuchoka mwa ndondomeko. Kiyi wa kabati akadali pa lamba wa akazi awo, ngakhale masiku ano mbale imabwerera yoyera popanda kukumbutsa. Kabudula wakuda uja anakula, moti anapita naye kwa telala kuti amubweze m'chiuno. Telala anamutambasula m'mwamba, kuimba mluzu, n'kunena kuti nsalu yotsalayo asokera mbendera yatsopano.

Loweruka lotsatira amakanika anakumananso ndi aphunzitsi. Makanika yemwe uja anatambasulanso dzanja, ndipo asanalibweze anamva pyee m'khutu mwenimweni. Anatembenuka n'kupeza a Palibe ali pamsana pake, chala chikuloza pa penate.

"Aa, refu," anadandaula, "mwafika bwanji kuno?"

"Wapansi," anatero a Palibe.