Injini ya Minibasi m'Pikapu Yathu

Amuna anga anali mlangizi wa zaulimi mpaka kupuma ntchito, ndipo boma lonse la Chadiza analizungulira pa njinga yamoto. Ankadziwa minda ya thonje ya ku Zemba ndi milatho yothyoka ya ku Zingalume, koma ankadandaula kuti malo onsewo anangowadutsa. Ankafika, kuyankhula ndi alimi, kuyang'ana dzuwa, n'kutembenuka.

Atapuma anagula pikapu yakale kwa munthu wina wogula mtedza. Inabwera pakhomo pathu ikukokedwa ndi ng'ombe, poti injini yake ya petulo inali itafa kalekale. Anaiimika pansi pa mtengo wa mango, ndipo posakhalitsa nkhuku zinayamba kuikiramo.

"Abambo, chimenechi n'cha chiyani?" ndinawafunsa.

"Tichotsa injini iyi tiike ya dizilo," anatero. "Kumbuyoku timange denga la lona, tiyale matiresi. Tizipita kumene tafuna, amayi, n'kugona komweko."

"Kugona kutchire, nyumba ya malata ilipo?"

Anangoseka. Anandiuza za phiri lina la miyala ku Mlolo, limene m'munsi mwake muli dambo lalikulu. Nthawi zonse ankadutsapo masana ali pa liwiro, ndipo ankafunitsitsa kudzaona mmene kumachera pamenepo.

Ntchitoyo ankaigwira ndi mng'ono wawo, mlamu wanga, yemwe anaphunzira umakaniko pa mathirakitala a ku esiteti ya fodya. Injini anakaipeza ku Chipata, yochotsedwa m'minibasi imene inagubuduzika. Anaikweza ndi tcheni pa nthambi ya mango, n'kukankhira pikapu pansi pake, koma sinakhale. Miyendo yake sinkagwirizana ndi pokhazikapo, ndipo giyabokosi yakale inkafuna chitsulo chapakati choti ziwirizo zilumikizane. Ankayesa ndi chingwe, kujambula pa katoni, kupita kwa wowotcherera ku boma, kubwera, kupezanso kuti bowo limodzi laphonya. Ine ndinkawapititsira tiyi n'kubwerera kukasenda mtedza wanga.

Tsiku lina lotentha, mvula isanayambe, ndinamva mlamu akundiitana ndi mawu amene sindinawamvepo. Ndinapeza abambo atakhala pansi, atatsamira tayala, sipanala ili pafumbi. Kamwa linali litapotokera mbali imodzi. Kuchipatala anatiuza kuti ndi sitiroko, chifukwa cha kuthamanga kwa magazi.

Tinabwerako mvula itayamba kale. Dzanja lamanja linali lakufa, mwendo ankaukoka, ndipo mawu anawatsalira ochepa. Ankakhala pakhonde tsiku lonse. Injini ija inali ikulendewerabe pa tcheni, itakutidwa ndi pulasitiki. Ndinaganiza kuti kuiona kukuwapweteka mtima, choncho m'mawa wina ndinatembenuza mpando wawo kuti uyang'ane kumunda. Anamenya mpandowo ndi dzanja lamanzere, osaleka, mpaka ndinaubwezera mmene unalili.

Titamaliza kupalira, mlamu anabwera n'kukhala pa mpando waufupi pafupi ndi akulu ake. Anati pali munthu wa chigayo amene akufuna injiniyo, ndipo bodi ya pikapuyo tingagulitse kwa opanga ngolo.

"Iyayi," anatero abambo. Liwu limeneli linkatuluka bwino kuposa ena onse.

"Akulu, ine ndikhoza kuimaliza," anatero mlamu modekha. "Koma ndikamaliza ayendetse ndani? Ine ndili ndi banja langa, sindingamagone m'mapiri."

Abambo anakweza dzanja lamanzere n'kuloza ine. Mlamu anayang'ana pansi kubisa kuseka. Ine sindinaseke. Ndinali ndi zidzukulu kale, ndipo ngakhale njinga yakapalasa ndinkatsika ndikaona mchenga. Koma kuyambira tsiku la kudwala kwawo, aliyense ankawasankhira zinthu: chakudya, nthawi yosamba, malaya ovala. Aka kanali koyamba kuti anene chimene akufuna iwo eni.

"Alamu, mundiphunzitsa," ndinatero.

Kuyambira pamenepo ndinkamanga chitenje chakale Loweruka lililonse. Ntchito yanga inali kutsuka mabauti m'beseni la palafini, kupereka masipanala, ndi kuunikira ndi tochi mlamu akalowa pansi. Injini itakhala, kutsogolo kwa galimoto kunagwada chifukwa cha kulemera, ndiye tinasintha masipiring'i. Thanki tinaitsitsa n'kuitsuka kuti fungo la petulo lithe. Batire inafunika yaikulu. Manja anga anada mpaka amayi anzanga a kutchalitchi anandifunsa ngati ndayamba kuotcha makala. Abambo tinkawanyamulira mpando pafupi, ndipo mlamu ankawaonetsa chitsulo chilichonse asanachimange. Nthawi zina ankagwedeza mutu, nthawi zina ankagona ali chikhalire.

Tsiku loiliza koyamba, injini inakana kwa nthawi yaitali. Mlamu anati mpweya walowa m'mapaipi a mafuta, ndipo anandipatsa kapampu kakang'ono kuti ndizipopa ndi chala iye akumasula mapaipiwo. Kenako inatsokomola, n'kutulutsa utsi wakuda umene unabalalitsa nkhuku, n'kuyamba kulira mokhazikika. Mayi wina woyandikana nafe anatulukira kumpanda kudzafunsa ngati tatsegula chigayo.

Kuyendetsa ndinaphunzirira pa bwalo la mpira la kusukulu, ana atatsekera. Kalachi inali yolimba, ndipo galimoto inkadumpha ngati mbuzi yomangidwa. Mlamu anandilezera mtima. Mayeso a laisensi ndinalephera koyamba chifukwa chobwerera m'mbuyo, kachiwiri ndinakhoza. Lona tinasoketsa kwa telala wa pamsika, ndipo kalipentala anatipangira kamakwerero kokhala ndi pogwira kumanzere.

Tinanyamuka titakolola, m'nyengo yozizira. Ndinalongedza mbaula, makala, mabulangete, chigubu cha madzi ndi mankhwala awo. Njira ya ku Mlolo ndinaiyenda pang'onopang'ono mpaka njinga zonyamula matumba zinkatipitirira. Pamphambano paliponse abambo ankaloza ndi dzanja, ndipo sanasokoneze ngakhale pamodzi. Tinafika dzuwa litapendeka. Phirilo silinali lalikulu monga ndinkaganizira, koma dambo linali lotakasuka, udzu wake utafiira.

Ndisanayatse n'komwe mbaula, anthu anayamba kubwera kuchokera m'mudzi wapafupi, wina atanyamula pampu ya njinga. Ankaganiza kuti tafera panjira. Nditawauza kuti galimoto ili bwino, tangobwera kudzagona, anayang'anana. Bambo wina wa msinkhu wa amuna anga anasuzumira mkati.

"Si alangizi awa?" anatero. Anavula chipewa n'kugwira dzanja lawo lamanja. Ataona kuti silikubweza, analigwira ndi manja onse awiri. Kenako anatembenukira kwa ine. "Amayi, simungagone pano. Munthu amene anadya kwathu kangapo konse agone kutchire, nyumba zikuoneka apo? Anthu adzati chiyani za ife?"

Ineyo ndikanakhala iwo ndikananena zomwezo. Ndinayang'ana abambo.

"Iyayi," anatero. Analimbana ndi lilime kwa kanthawi, n'kuloza dambo. "Mawa. Kuona."

Ndinafotokoza zonse: za njinga yamoto, za injini, za matenda. Bamboyo anamvetsera mpaka kumapeto. Sindikhulupirira kuti anamvetsa chifukwa chimene munthu angafunire kuona dambo limene iye amadyetsako ng'ombe tsiku ndi tsiku, koma sanakakamizenso. Anapita, n'kubwera ndi mtolo wa nkhuni, ndipo akazi ake anabweretsa mbatata zophika ndi ndowa ya madzi otentha. Bamboyo anakhala pafupi ndi abambo mpaka dzuwa kulowa, akuwauza za mbozi za m'chimanga ndi za anzawo amene anamwalira. Sankadikira yankho, ndipo ndinaona kuti abambo amasuka naye kuposa alendo ambiri amene ankabwera kwathu kudzawazonda.

M'mawa ndinatsegula lona kusanayere bwino. Ndinawakhazika kumapeto kwa bodi, miyendo ili pa makwerero, nditawafunditsa mabulangete awiri. Nkhungu inali itadzaza dambo lonse, mitengo ikuoneka nsonga zokha. Dzuwa linayamba kugunda miyala ya pamwamba pa phiri, n'kumatsika pang'onopang'ono. Kwinakwake ankatsegulira ng'ombe. Abambo anayang'ana nthawi yaitali, ndipo ine sindinawayankhulitse. Ndinkaganiza kuti mwina malowo sanafike pa zimene anasunga m'mutu zaka zonsezo, kapena anapitirira. Sindinadziwe, ndipo mpaka lero sindidziwa.

Nditawapatsa tiyi ndinafunsa, "Nanga mwaona bwanji, abambo?"

"Kuzizira," anatero, n'kuseka ndi mbali imodzi ya kamwa mpaka tiyi anatayikira pa bulangete.

Kuzizirako kunaigwiranso injini. Ndinayatsa mahita otenthetsera injini monga mlamu anandiphunzitsira, koma inangozungulira mwaulesi, batire n'kufooka. Bambo uja anaitana amuna anzake a m'mudzi. Ndinaika giya yachiwiri, n'kuponda kalachi, iwo akukankha kutsikira cha kudambo, ndipo nditamasula phazi inalira. Sindinathe kuima kuti nditsanzike bwino poopa kuti ingazime. Ndinangotulutsa dzanja pawindo, ndipo tinabwerera kwathu tili ndi mbatata zotsala ndi nkhuku yamoyo imene wina anaponya kumbuyo ine osaona.